Makina a pa foni: pimani cipinda ndi thumba musanakongole

Tsiku lina m'mawa, m'minibasi yocokera ku Katete kubwera kuno ku Chipata, amai awiri a pa mpando wakumbuyo anawerama pa foni imodzi ngati alandira uthenga wa maliro. Sanali maliro ai. Anali kuonerera vidiyo ya pa Facebook ya mzimai wa ku America ataimirira pa makina osokera aatali ngati benchi la ku cipatala. Anagwira zogwirira ziwiri, akukankhira makinawo uku ndi uku, ndipo pansi pa singano panali kutuluka maluwa ndi masamba pa cofunda cacikulu, mwamsanga ngati munthu akulemba ndi bolopeni.

"Ine nikapeza aya makina, anzanga, umphawi wasila," anatero mmodzi.

"Nanga malaiti, amake mwana? Muzayendetsa na malasha?" anayankha mnzakeyo.

Kondakitala, amene dzanja linali litatopa ndi kudikira, anati: "Amai, lipilani ya basi poyamba. Makina muzagula mailo." Basi yonse inafa ndi phwete.

Tinaseka nawo, koma nkhaniyi si yoseketsa kwenikweni. M'makomboni mwathu muli amai ambiri amene amadyetsa ana ndi makina osokera. Ambiri a iwo ali m'magulu a cilimba ndi a banki ya kumudzi, ndipo ikafika nthawi yao yolandira kapena yokongola, funso limakhala lomweli: kodi ndigule makina aakulu? Yankho likalakwika, cimene cimapita si ndalama cabe. Imapita firiji, imapita ndalama ya renti, nthawi zina ndi ubale wa m'gulu womwe. Maganizo athu tinene poyera: makina a mu vidiyo ija si oyenera mai wosokera panyumba kuno ku Chipata, ndipo ngakhale makina a fakitale amene amagulitsidwa m'dziko mom'muno si ogula pa ngongole musanakhale ndi maoda. Tifotokoze cifukwa cake.

Poyamba, makina amenewa n'ciani? Azungu amawachula kuti longarm, kutanthauza mkono wautali. Nchito yao ndi imodzi yokha: kusoka pamodzi nsalu zitatu za cofunda cimene iwo amati quilt. Pamwamba pamakhala nsalu yolumikiza tizidutswa tamitundumitundu, pakati pamakhala thonje kapena faiba, pansi pamakhala nsalu ina yaikulu. Pa makina athu a Singer kapena Butterfly, makina amakhala pamodzi, inu n'kumakankha nsalu. Pa longarm zimatembenuka: nsalu zitatuzo zimakulungidwa pa mipiringidzo n'kukokedwa kuti zilimbe, ndipo mutu wa makina ndi umene umayenda pa timawilo. Cimango cake cimatalika mamita 3 mpaka 4. Mpata wa pakati pa singano ndi thupi la makina umafika masentimita 45 kapena kuposerapo, pamene pa makina a panyumba ndi pafupifupi cikhatho cimodzi cotambasula. Makampani odziwika nawo ndi Gammill, APQS ndi Handi Quilter, onse a ku America.

Tisawanyoze makinawa. Aliyense amene anayesapo kusoka duveti ya bedi lalikulu pa makina opalasa akudziwa cizunzo cake. Cofunda cimalemera, cimadzikundika pa khosi la makina, nsalu ya pansi imapindika inu osaona, mapewa n'kumawawa mpaka usiku. Nchito ya masiku angapo, longarm imaimaliza tsiku limodzi, ndipo mizere imatuluka yoyera. Mai wa m'minibasi uja sanalakwe kusirira. Anaona cinthu coona: tizidutswa ta zitenje timene atelala a pa Kapata Market ndi pa Saturday Market amasesa madzulo alionse ndi cuma. Tikalumikizidwa bwino timatuluka zoyala pa bedi, makushoni ndi zikwama zimene munthu sangacite nazo manyazi. Cimene tikutsutsa si maloto ake. Tikutsutsa njira yodula kwambiri yofikira malotowo.

Tiyambe ndi mtengo. Ku America komweko longarm yochipa ndi madola masauzande angapo, ndipo yaikulu yoyendetsedwa ndi kompyuta imapitirira madola 20,000. Tiyerekeze kuti mwapeza ya madola 10,000. Kumapeto kwa caka ca 2024 dola imodzi inali itapitirira K27, ndiye kuti makinawo akanakudyerani K270,000 asanakwere sitima ya pamadzi, asanalipiridwe msonkho ku ZRA, asanayende pa Great East Road makilomita opitirira 500 kucokera ku Lusaka. Kwacha imakwera n'kutsika, koma ngakhale italimba bwanji, ndalamayi ndi ya puloti, kapena ya galimoto yoyendetsa ngati takisi.

Manje tengani foni yanu, mutsegule kalikyuleta muli pa mpando pomwepo. Tiyerekezenso kuti pa cofunda ciliconse, mutacotsa nsalu, faiba, ulusi ndi magetsi, mumatsala ndi K200 ya phindu. Kuti mubweze K270,000 mufunika kugulitsa zofunda 1,350. Ngati mukugulitsa ziwiri sabata iliyonse, osadwala, osapita ku maliro, osapuma pa Khirisimasi, zidzakutengerani zaka 13. Mwana amene wayamba giredi 1 caka cino adzakhala atamaliza sukulu inu mukali kulipira makina. Sinthani manambalawo, ikani anu enieni. Mukapeza kuti zaka zikupitirira ziwiri kapena zitatu, ndiye kuti inu ndi amene mukugwirira makina nchito, osati makina kugwirira inu. Ndipo tawerenga popanda ciwongoladzanja. Wa kaloba sadikira zaka 13. Sadikira ngakhale mwezi waciwiri.

Caciwiri ndi malo. Cimango ca mamita 4 cimafuna mpata woyendamo kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, ndiponso pansi posalala bwino, cifukwa pakapendekeka mutu wa makina umatsetsereka wokha. Sicipindidwa madzulo kuti ana ayale mphasa. Mukafika kunyumba lero, kaya ndi ku Mchini, ku Navutika kapena ku Magazine, tengani tepi yanu yopimira makasitomala mupime cipinda ca pa renti cija. Ambiri mudzapeza kuti makina akalowa, banja lituluke. Kucita renti cipinda cina n'kuwonjezera ngongole ina pa masamu aja.

Cacitatu ndi malaiti, ndipo apa mnzake uja ananena zoona. Sitinaiwale caka ca 2024. Pa 29 February caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika mwezi wa September madera ambiri anali kuona malaiti a ZESCO maola atatu cabe pa tsiku, kawirikawiri pakati pa usiku. Ometa tsitsi, owocherera zitsulo ndi ogaya cimanga anakhala manja lende. Koma telala wa makina opalasa pa khonde la sitolo sanaleke kusoka. Makina amene ena anali kuwaseka kuti ndi a agogo ndi amene anagulira ana unga caka cimeneco. Longarm ilibe copalasa. Malaiti akapita, yapita. Ndiponso makina ambiri opangidwira msika wa ku America amayendera mavoti 120, pamene athu kuno ndi 230, conco mwina mudzafunika transifoma. Magetsi akabwerera mwamphamvu, monga amacitira nthawi zina, n'kupsereza kabolodi ka m'kati, ndiye kuti mwatsala ndi citsulo coyanikapo zovala.

Zimenezi zikutifikitsa pa cacinai: akawonongeka, adzakonza ndani? Singer yakuda ija ikayamba kudumpha masitichi, mumaikweza pa njinga, mdala wokonza makina pa msika amaimasula, amaithira mafuta, madzulo mwayambanso nchito. Singano, bobini ndi lamba mumazipeza ku Down Shops. Longarm ikafa, sipeya yake iyenera kuitanitsidwa kunja ndi madola, inu n'kudikira masabata, maoda a anthu ali m'nyumba, tsiku lobweza ngongole likuyandikira. Walira mvula walira matope. Wogula makina wagula ndi matenda ake omwe.

Koma funso lalikulu kuposa onsewa ndi la msika. Kodi zofunda 1,350 zija adzagula ndani? Kuno ku Chipata kuzizira kwenikweni ndi kwa June ndi July. Pofika October munthu amataya ngakhale shiti. M'miyezi yozizirayo, mai wosoka akupikisana ndi mabulangeti ochipa a m'masitolo ndi maduveti a pa salaula. Kasitomala wa m'komboni safunsa kuti maluwa a ulusi anasokedwa ndi makina anji. Amafunsa kuti, "Ni zingati? Cotsaniko." Apa pali nkhani yowawa ya dziko lathu. Cigawo ca Kum'mawa cimalima thonje lambiri, koma thonjelo likapunthidwa limapita kunja, ife n'kumagula nsalu zocokera kwina. Fakitale ya Mulungushi Textiles ku Kabwe, imene inali kupanga zitenje, inaima mu 2007. Ngati fakitale yonse inalephera kulimbana ndi nsalu zochipa zakunja, mai mmodzi wa ngongole ayenera kusamala kawiri.

Ndalama ya telala wa ku Chipata tonse tikudziwa kumene imacokera. Imacokera ku mayunifomu a sukulu mu January, makamaka kucokera 2022 pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, ana n'kudzaza makalasi. Imacokera ku zovala za Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February, ndi za Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August. Imacokera ku maukwati, ku makicheni pate, ku mayunifomu a magulu a amai a m'mipingo, ndi ku nchito yonyozeka koma ya tsiku ndi tsiku: kucepetsa buluku la pa salaula, kusintha zipi, kuika cigamba. Pa nchito zonsezi longarm singathandize ngakhale imodzi. Siisoka kolala, siisoka mkono wa malaya. Ngakhale tizidutswa ta pamwamba pa cofunda mumalumikiza pa makina ena.

Ena adzati, nanga alendo a ku Mfuwe? Zoona, malo ogona alendo pafupi ndi South Luangwa National Park amafuna zoyala zokongola, ndipo alendo amalipira bwino. Koma onani cimene amagula. Tribal Textiles ya ku Mfuwe inachuka ndi nsalu zojambulidwa ndi kupentedwa pamanja. Mlendo wocokera ku London makina anawasiya kwao. Cimene akufuna kuno ndi dzanja la munthu. Ku America komweko, zofunda zochuka kwambiri ndi za amai acikuda a ku Gee's Bend, kamudzi kosauka ka ku Alabama. Anali kusoka ndi zigamba za maovololo akale ndi madiresi othaitha kuti ana asazizidwe, ndipo nsalu zitatu zija anali kuzigwirizanitsa ndi singano ya pamanja. Mu 2002 zofunda zao zinaonetsedwa m'nyumba zazikulu za luso ku Houston ndi ku New York, ndipo mu 2006 zinaikidwa pa masitampa a dzikolo. Analibe longarm. Anali ndi diso la mitundu ndi khama.

Cinanso cimene mavidiyo sakuuzani n'cakuti ku America amai ambiri osoka zofunda alibe makinawa. Amalumikiza nsalu ya pamwamba kunyumba, n'kuitumiza kwa munthu amene ali ndi longarm, n'kumulipira malinga ndi kukula kwa cofunda. N'cimodzimodzi ndi cigayo. Sikuti aliyense wodya nsima ali ndi cigayo pakhomo.

Tikudziwa kuti owerenga ambiri sadzafika poitanitsa longarm. Koma ciyeso comweci cimabwera mu mpangidwe waung'ono. Mnzanu pa msika wagula Juki ya fakitale, ikulira ngati njuci, inu mtima n'kuwawa. N'zoona kuti makina otere amabaya nsalu kokwana 5,000 pa mphindi imodzi, pamene a panyumba amagetsi amakhala capafupi ndi 1,000 kapena kuceperapo. Kwa munthu amene wapatsidwa oda ya mayunifomu a sukulu yonse, liwiro limenelo ndi ndalama. Kwa munthu amene amalandira madiresi atatu pa sabata, liwirolo limangotanthauza kumaliza msanga n'kukhala osacita kanthu, ngongole ikuyenda. Mawa mudzaonanso ovaloko, mkuja makina opeta mabaji. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Ngongole ndi makina osokera zinayamba kale kuyendera limodzi. Kampani ya Singer inayambitsa zogulitsa makina molipira pang'onopang'ono mu 1856, ndipo njira imeneyo ndi imene inafikitsa makina m'nyumba za anthu wamba m'maiko ambiri. Sitikunena kuti kukongola n'kulakwa. Tikunena kuti oda iyambe, makina atsatire. Mukayamba kubweza makasitomala cifukwa manja akucepa, mwezi ndi mwezi, osati mu January mokha, pamenepo makina aakulu akuitana. Ngati simunabwezepo kasitomala, amene akukuitanani ndi wogulitsa.

Nanga wofuna kusoka zofunda acite ciani ndi makina amene ali nawo? Njira zilipo. Osasoka cofunda conse nthawi imodzi: sokani zigawo zazing'ono, ciliconse ndi faiba yake ndi nsalu yake ya pansi, kenaka muzilumikize. Khosi la makina silidzadzaza. Ikani tebulo kumanzere kuti cofunda cisakoke singano. Musanasoke, yalani nsalu zitatuzo pa simenti yoyera, muzigwirizanitse ndi mapini kapena masitichi aatali a pamanja, kuyambira pakati kupita kunja. Mizere yowongoka imakwanira, ndipo cofunda comangidwa ndi mfundo za ulusi wokhuthala apa ndi apo cimafundanso bwino. Chapani zitenje musanazidule, cifukwa zina zimatulutsa utoto ndipo zina zimafupika. Yambani ndi tinthu togulika msanga: kabulangeti ka khanda, makushoni, zikwama za mabuku. Lembani m'kabuku zimene mwagula ndi zimene mwagulitsa. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi kabukuko kadzakuuzani zoona kuposa vidiyo iliyonse.

Ndipo ngati nchito yakula, mutu umodzi susenza denga. Makina odula ndi a gulu. Amai khumi atha kugula makina amodzi a fakitale ndi ovaloko imodzi, kuwaika pamalo amodzi pamene pali malaiti kapena sola, kugawana masiku, ndi kulipiritsa aliyense kangacepe pa covala ciliconse kuti pakhale ndalama yokonzetsera. Koma lembani malamulo musanagule: asunga kiyi ndani, akawonongeka alipira ndani, wina akacoka m'gulu atenga ciani. Magulu ambiri amafera pa mafunso atatu amenewa, osati pa kusowa luso.

Apa tili ndi mau kwa atsogoleri. Ndalama ya CDF inakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, ndipo mbali ina ndi yothandiza makalabu ndi makoparetivu a amai ndi acinyamata. Tikupempha makomiti a m'mawodi a Chipata Central, Luangeni ndi madera ozungulira kuti gulu likapempha makina, asangoyang'ana cithunzi ca tsiku lopereka. Afunse kuti malo alipo, magetsi alipo, wokonza alipo, ogula alipo. Makina ovundikiridwa ndi citenje pakona ya nyumba ya acheyamani si citukuko. Mbali ina ya ndalama ipite ku maphunziro, monga a ku Chipata Trades Training Institute, ndipo acinyamata ena aphunzire kukonza makina osokera, cifukwa amdala amene amadziwa nchitoyi akukalamba. Masukulu nawo apereke maoda a mayunifomu ku magulu a kuno. Oda yotsimikizika imathandiza telala kuposa mphatso ya makina.

Kwa inu azibambo, mkazi akabwera ndi nkhani ya makina musayankhe ndi kuseka kapena ndi kukalipa. Khalani pansi muwerengere limodzi, cifukwa ngongole ikavuta idzagogoda pa citseko ca nonse. Ndipo kwa tonse okwera minibasi, nthawi ina mukamapita ku kicheni pate ya mwana wa mlongo wanu, funsani kaye mai wosoka wa pafupi nanu ngati angakupangireni coyala pa bedi ca zitenje, ndipo mumulipire mtengo wake osamulirira mpaka atsale opanda phindu.

Amai aja anatsikira pafupi ndi Kapata Market. Wa foni uja anatsitsa thumba lalikulu la pulasitiki lodzaza tizidutswa ta nsalu, ndipo kondakitala anafuna kulilipiritsa ngati katundu. Anakangana pang'ono, kenaka anawasiya. M'thumba limenelo munali kale zofunda ziwiri kapena zitatu, ndipo makina ozisokera anali kuwadikira kunyumba, opanda ngongole ya munthu.